Penti Yofiira pa Lole ya Akaidi

Chaka chimene boma linagawa magalimoto ake m'magulu, mlongo wanga anali ndi pakati ku Chiuta, ndipo ine ndinali nditamulonjeza kuti nthawi yake ikakwana ndidzabwera ndekha kudzamutenga kupita naye kuchipatala. Lonjezolo ndinalipanga ndi pakamwa podzaza, monga amachitira munthu amene ali ndi galimoto yosakhala yake.

Ndinali dalaivala pa yadi ya boma ku Balaka, kuseri kwa siteshoni ya sitima. Chiwongolero ndinachiphunzira kunkhondo, ndipo nkhondoyo itatha ndinabwerako ndi nsapato zolimba, chifuwa chosatha ndi khutu lomva injini. Yadi yathu inali yaing'ono: mpanda wa waya, shedi ya malata, migolo ya petulo ndi mlambe umodzi umene tinkabisalapo dzuwa. Wotiyang'anira anali kapitawo wina wamfupi, woimba kwaya ku mishoni, amene ankayenda ndi makiyi onse m'chiuno ngati mayi wa golosale. Sanali munthu woipa. Kungoti lamulo likamufika, iye ankalilandira ndi manja awiri.

Magalimoto athu tinkawadziwa monga mmene woweta amadziwira ng'ombe zake. Panali kagalimoto ka bwana wa misewu, malole awiri a miyala ndi mchenga, ndi lole ina yokatenga katundu kusitima ndi thonje kumisika. Kenaka panali awiri amene anthu anawapatsa mayina.

Yoyamba inali Mbereko, ndipo ndinkayendetsa ndine. Inali galimoto ya odwala yochokera kunkhondo ngati ine ndemwe, ya denga la tenti, mkati muli machira awiri. Inali nkhalamba, inkamwa oyilo ngati thobwa, ndipo pa chitunda chilichonse inkapempha kaye kupuma. Koma uthenga ukabwera kuchokera kumudzi kapena kumishoni kuti kuli wodwala, inkapita, kaya ndi kwa Kawinga, kaya ndi kumalire. Anthu akaimva ikubwera ankatuluka kudzachotsa zitsa m'njira. Ine pa Mbereko sindinagonepo ndi njala, chifukwa kulikonse kumene ndaima wina ankabwera ndi chinangwa kapena mazira ophika.

Yachiwiri inali Kabawi. Iyi inali lole yatsopano, yaitali miyendo, ndipo kumbuyo kwake anamangako khola la waya wokhuthala lokhala ndi chitseko, unyolo ndi loko. Zaka zimenezo zinali za malimidwe, pamene boma linalamula kuti aliyense apange mizere yopingasa ndi milambala m'munda mwake, ndipo amene sanatero ankatengedwa. Kabawi ndiye ankawatenga. Amesenjala a boma akafika pamudzi n'kupeza mwamuna wathawa, ankakweza mkazi wake, kuti mwamunayo akadziwonekere yekha. Loleyo inali ndi kuliranso kwakekwake, giya yake inkalira mopyapyala, ngwiii, unyolo kumbuyo uli ngwechengweche, moti m'dera lathyathyathya ngati la ku Chiuta unkaimva isanaoneke n'komwe. Dalaivala wake anali mnzanga, munthu wofatsa, koma kumidzi ngakhale madzi akumwa sankamupatsa.

Mlongo wangayo anali chitsiriza m'mimba mwa mayi athu. Anakwatiwa ndi msodzi wa Chisilamu, Myao wa m'mbali mwa nyanja ya Chiuta. Poyamba mayi analira kuti mwana wawo wasiya kolona, koma mkamwini akamatumiza matemba mwezi ndi mwezi, misozi imauma yokha. Mimba yoyamba inavuta, mwana anatuluka atafa kale, mwini wake n'kutsala pang'ono kumutsatira. Asisitere a kuchipatala cha mishoni atamuona anati chiuno chake n'chopapatiza, ndipo mimba yotsatira asadzayerekeze kuchirira kunyumba. Ndinamuuza kuti abwere akadikirire kwathu ku Balaka. Anandiseka.

"Achimwene, ndikhale miyezi ndikuyang'ana sitima? Nanga nsomba aziyanika ndani?"

Ndiye ndinati chabwino, ukangomva msana, tumiza munthu, ine ndi Mbereko tifika. Alamu anga, mwamuna wakeyo, anagwira dzanja langa nthawi yaitali. Iwo anali munthu wa mawu ochepa, Chichewa chawo chinkapendekera ku Chiyao.

M'chilimwe cha chaka chimenecho kunabwera mzungu wachinyamata kuchokera ku Zomba, ali ndi kalaliki ndi mabigiri atatu a penti. Anakhala nafe masiku angapo. Ndisamunamizire, ntchito yake ankaidziwa. Ankalowa yekha pansi pa lole osaopa kuda, ankawerenga mita ya mamailosi, ankakanda matayala ndi chikhadabo, kenaka n'kufunsa dalaivala aliyense kuti galimoto yake imanyamula chiyani, imapita kuti, misewu yake ndi yotani, ndipo pamwezi imatuluka kangati. Ife tinkaganiza kuti wabwera kudzaona amene amalimbikira ntchito, ndiye aliyense anayamba kutama galimoto yake ngati akuikwatitsa. Wa lole ya mchenga, amene sanapitirirepo mtsinje wa Rivirivi, anati iye amafika mpaka ku Fort Johnston. Mzunguyo ankangogwedeza mutu n'kubwerera ku mita. Mitayo ndiyo ankaikhulupirira.

Tsiku lomaliza kapitawo anatisonkhanitsa pansi pa mlambe n'kutifotokozera. Kuyambira tsopano, galimoto iliyonse ya boma ili ndi gulu lake, kutengera ntchito yake ndi mamailosi amene ikuyenera kuyenda pamwezi. Ya penti yoyera ndi ya mabwana, imeneyo sizikutikhudza. Ya penti yachikasu ndi ya maulendo aafupi, yonyamula zolemera kapena yokalamba, ndipo ili ndi malire a mamailosi amene siyenera kupitirira, komanso siwoloka Shire. Ya penti yofiira ndi yolimba, ya maulendo ataliatali ndi misewu yoipa, ndipo imeneyo mamailosi ake ayenera kukwana. Ikapezeka kuti ikungogona pa yadi, aitenga n'kukaipereka ku boma lina kumene ikufunika. Ndiponso za kuti uyu ndi dalaivala wa galimoto yakuti zatha, aliyense aziyendetsa imene wapatsidwa tsikulo.

Kalaliki anayenda ndi burashi n'kumajambula kadontho pa chitseko chilichonse, kukula kwake ngati mbale ya ndiwo. Malole a miyala, chikasu. Mbereko anaiyang'ana pang'ono, chikasu. Atafika pa Kabawi anatsegula bigiri lachitatu.

Nzeru ya mzunguyo inali yomveka, ndipo mpaka lero sindiitsutsa. Mbereko inali itayenda mopitirira, masipuling'i ake anali atatha, ndipo tsiku lina ikanafera m'tchire ndi wodwala mkati. Kabawi inali yatsopano, koma inkangotuluka kukakhala anthu ogwidwa, masiku ena onse ili phee pa shedi, nkhuku za kapitawo zikuikira pansi pake. Ndiye maulendo onse a kutsidya kwa Shire anapatsidwa kwa iyo: makalata, mbewu, mankhwala, odwala, akaidi. Zonsezi kwa mzunguyo zinali katundu wopita kutali pa msewu woipa.

Ndinamutsatira mpaka pa galimoto yake ndi Chingerezi changa cha kunkhondo. Ndinamuuza kuti anthu a kutsidyako loleyi amaiopa, wodwala sangakweremo. Anandimvetsera bwinobwino, n'kunena kuti anthu adzazolowera akaona ikubweretsa mankhwala. Mwina akanazoloweradi, pakapita chaka. Kapitawo anandikoka malaya.

"Adalaivala, mwayamba liti kuphunzitsa azungu ntchito? Galimoto ndi galimoto, zonse zili ndi matayala anayi."

"Akapitawo, ngakhale fisi ndi mbuzi zonse zili ndi miyendo inayi."

"Pakamwa panupo padzakupachikani," anatero, makiyi ali jegwejegwe kubwerera ku shedi.

Ndinakonza zoti mwezi ukatha ndidzapite ku Chiuta pa njinga ndikawauze alamu kuti tsiku lijalo akadzamva Kabawi asadzathawe, ndidzakhala ndine. Ndinkawerengera kuti nthawi ilipo. Mimbayo sinadikire mwezi wake.

Penti ija isanasiye kununkha, madzulo ena kunafika pa geti munthu wa njinga, dengu lalikulu la matemba lili kumbuyo. Anali wogulitsa nsomba wa m'mudzi mwa alamu, munthu wodziwika msewu wonse kuchokera ku Chiuta mpaka ku Balaka, wankhani zambiri, woti pa msika uliwonse ali ndi chibale. Tsiku limenelo sanaseke. Anati mlongo wanga wayamba kumva msana dzulo lake, azimayi ali naye m'nyumba, koma palibe chikuyenda, ndipo alamu ati ndifulumire.

Kapitawo sanavute. Anachita kukondwa, chifukwa ulendo wa ku Chiuta unali mamailosi ambiri, ndipo iye ankaopa kuti lole yake yatsopano ailanda. Anamasula kiyi wa Kabawi n'kundipatsa.

"Ndipatseni Mbereko, akapitawo, kamodzi kokhaka. Ndi mlongo wanga."

"Ndikudziwa kuti ndi mlongo wanu. Ndikupatseni, mukafika pa Liwonde mukatani? A pantoni yowolotsa magalimoto pa Shire anauzidwa kale, ya chikasu saikweza. Mukagona pa doko, ndipo mawa tonse awiri ntchito ilibe."

Ananena zoona. Anandithandiza kutulutsa matiresi ndi machira amodzi mu Mbereko n'kuziika m'khola la Kabawi, anachotsanso loko pa chitseko n'kuiika m'thumba mwake. Pantoni siinkawoloka kukada, ndiye tinadikira kucha.

Wogulitsa nsomba uja anasiya matemba ake kwa mnzake kumsika kuti abwerere nane. Ndinkafuna akhale kutsogolo, koma njinga yake inali kumbuyo, ndipo anati msewu umenewo njinga ikakhala yokha ifika ili zidutswa. Njingayo ndiyo inali munda wake, ndiye sindinalimbane naye. Analowa m'kholamo n'kukhala pa matiresi ataikumbatira. Chitseko ndinachimanga ndi unyolo womwewo kuti chisamatseguke m'mabampu.

Tinawoloka Shire dzuwa likutuluka. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuona zimene mnzanga uja ankaona masiku onse. Mayi ali ndi mtsuko pamutu, akangomva ngwiii, wapatuka kulowa m'thengo. Amuna okhala pakhonde ankaimirira n'kuzungulira kuseri kwa nyumba mosafulumira, ngati akupita kukataya madzi. Pa Mbereko ana ankandithamangira. Apa msewu unkangoyera patsogolo panga.

Pa Nselema ndinaima kuti ndithire madzi m'injini. Unali msika wa anthu ambiri, ndipo ndinaganiza kuti ndi malo abwino onenera za ulendo wanga. Ndinakwera pa sitepe n'kukuwa kuti ndine uja wa Mbereko, ndikukatenga wodwala ku Chiuta, palibe amene akugwidwa lero. Ena anandizindikira nkhope. Anavomera mwaulemu, "Eya, bwana, yendani bwino," maso ali kumbuyo kwa lole. Kumeneko wogulitsa nsomba anali ataimirira, zala zili m'waya, akuitana anzake mayina mmodzimmodzi ndi kuwauza m'Chiyao kuti asaope. Munthu ali m'khola, chitseko chomanga ndi unyolo, njinga yake ili momwemo, akukuwa kuti musaope. Inuyo mukanamva chiyani? Ndinaona anyamata awiri akukwera njinga n'kulowera njira yachidule ya m'minda, ndipo sindinawaganizire kanthu. Ndinadzamva pambuyo pake uthenga umene anapita nawo: Kabawi wagwira wa matemba uja, ndipo akupita naye kwawo kuti akaloze nyumba za osapanga milambala.

Mudzi wa alamu unali usanapange mlambala ngakhale umodzi. Anali asodzi, minda yawo inali ya m'dambo, ndipo anali atachenjezedwa kale.

Ine ndinali ndi nzeru zanga. Ndinazimitsa injini patali, pamene msewu umathera mu mchenga, kuti anthu asaimve, ndipo tinayenda wapansi. Dzuwa linali pamutu. Titalowa m'mudzimo tinapeza moto ukufuka pa mafuwa, matemba ali pa thandala akhwangwala akudya mosaopa, mtondo uli ndi chimanga chosinja theka. Nyumba ya alamu inali yotsegula. Pansi panali mphasa yonyowa, nsanza ndi mphika wa madzi ofunda, koma munthu munalibe.

Tinatsikira kunyanja. Pa doko panalibe bwato ngakhale limodzi, mizere yokha m'matope pamene anawakokera. Chiuta si nyanja yoti uone tsidya, kutsogolo kwako kumangokhala bango ndi udzu wa m'madzi, ndipo mudzi wonse ukhoza kukhala pafupi nawe osauona. Wogulitsa nsomba anayamba kukuwa. Anakuwa m'Chiyao, anakuwa m'Chichewa, analumbira pa dzina la Mulungu. Kunali zii. Ndi pamene ndinadziyang'ana: kabudula wa khaki, malaya a khaki, chipewa cha boma, nditaima pambali pa munthu amene akuti wagwidwa. Ndinavula chipewa ndi malaya n'kuziponya pa mchenga, n'kulowa m'madzi mpaka m'chiuno.

Ndinapsa mtima, sindikana. Ndinawatukwana anthu amenewo, ndinawatchula mbuzi, ndinati mwana wa mayi anga akafera m'bangomo ndidzabweradi ndi amesenjala. Mawu amenewo sanathandize, ndipo mwina anawonjezera nthawi. Amati khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba, ndipo anthu ajawo anali ataona akazi a anzawo akukwezedwa m'lole yomweyo. Mtima utatsika pang'ono ndinasiya kuitana alamu n'kuyamba kuitana mlongo wanga, ndi dzina lake la paubwana limene anthu a ku Chiuta sankalidziwa. Ndinaliitana mpaka mawu anasasa.

Dzuwa linali litapendeka pamene bango linagwedezeka n'kutuluka bwato limodzi. Alamu anali ataimirira ndi mponda wokankhira bwato, mayi awo atakhala kutsogolo ataphimba china chake ndi chitenje. Anaima kaye patali n'kundiyang'ana, kenaka anayang'ana kumtunda kuti aone ngati kuli ena.

"Alamu, ndinu?"

"Nanga ndikhale ndani? Bwerani naye kuno!"

"Anati Kabawi."

"Ndi Kabawi yemwe, koma woyendetsa ndine. Bwerani!"

Mlongo wanga anali atagona pansi m'bwatomo, m'timadzi timene timakhala m'bwato lililonse, kuyambira m'mawa. Milomo inali itauma, nkhope itatuwa. Alamu anandiuza kuti uthenga utafika, anthu onse anathamangira kumabwato, ndipo iwo anaima pakhomo osadziwa chochita. Kumusiya m'nyumba, amesenjala amutenga mmalo mwawo ali choncho. Ndiye anamunyamula okha m'manja mpaka kudoko. Anati ali m'bangomo mkaziyo ananena kuti akumva mawu a achimwene ake, koma amuna ena anati ndi msampha, ndipo anagwira bwato kuti lisatuluke, kuopa kuti lingaulule pamene abisala onse.

Mabwato ena anayamba kutuluka limodzilimodzi. Palibe anapepesa, ndipo ine sindinafunse. Tinamugoneka pa chitseko cha bango, amuna anayi n'kunyamula, azimayi akutsatira. Tinayenda bwino mpaka pamene lole inaonekera, itaima pa mchenga, waya wake ukung'anima. Apo onyamula aja anachepetsa liwiro, kenaka anaima n'kutsitsa pansi bwinobwino.

"Kwende," anatero alamu. Tiyeni.

"Ngwamba," anayankha mmodzi, osakweza maso. Iyayi.

Sindinataye nthawi n'kuwanyengerera. Ndinathamanga kukatenga machira, ndipo mtunda wotsalawo tinanyamula atatu, ine, alamu ndi wogulitsa nsomba. Tinamugoneka pa matiresi. Apongozi ake, mayi wokalamba, anakwera osafunsa munthu n'kuika mutu wa mpongozi wawo pamiyendo. Wogulitsa nsomba anatsitsa njinga yake n'kutsala. Alamu anaima pa chitseko cha kholalo, dzanja lili pa waya, phazi limodzi pa sitepe. Anayang'ana mkazi wawo pa matiresi. Kenaka anakwera.

"Alamu, unyolowo ayi," anatero.

Ndinachotsa unyolo n'kuuponya kutsogolo, chitseko ndinamanga ndi luzi. Ndisanatsike, mlongo wanga anatsegula maso n'kuyang'ana waya pamwamba pake.

"Achimwene, Mbereko ili kuti?"

"Yadwala nayonso. Iyi ndi yothamanga, tifika msanga."

"Mwavula malaya bwanji, ngati msodzi?"

"Amuna akowa andiphunzitsa."

Anayesa kuseka. Mawu athu omaliza anali amenewo.

Kabawi inalidi yothamanga, ndipo ndinaithamangitsa mmene msewu unkalolera. Pa mchenga pamene Mbereko ikanatitimira, iyo inkangodutsa. Vuto linali masipuling'i ake, amene anawapangira kunyamula amuna ambiri, osati mayi mmodzi wodwala. Bampu iliyonse ndinkaimva m'mano. Ndikathamanga ndikumupweteka, ndikachepetsa ndikumuchedwetsa, ndipo ndinkangosinthasintha choncho. Tinadutsa pa Nselema msika ukutha. Anthu amene anatsalawo anaona mayi wokalamba, mwamuna ndi wina wogona m'khola, ndipo anatembenuza nkhope.

Titapitirira pang'ono, pa kamlatho ka mitengo, ndinamva kugogoda pa denga. Sikunali kugogoda kwa changu. Ndinaima n'kuzimitsa injini. Apongozi aja anali atamuphimba kale kumaso, alamu akunena mawu a Chiarabu chapansipansi, manja ali m'mwamba. Mwana sanatuluke. Ndinaima pamenepo mumsewu, wopanda malaya, ndipo chimene ndikukumbuka n'chakuti injini inkachita thethethe pozizira. Ndinamva chisoni chachikulu, koma misozi sinabwere tsiku limenelo.

Kuchipatala kunalibenso chokachita. Kwa Asilamu maliro sachedwa, ndipo alamu anati tibwerere kuti akamusambitse, amuveke sanda, mawa m'mawa aikidwe. Za mayi athu ku Balaka ndinati ndikawauza ndekha. Ndinatembenuza lole pa kamlathoko, kupita kutsogolo n'kubwerera mmbuyo kangapo chifukwa msewu unali wopapatiza.

Ulendo wobwerera ndinayenda pang'onopang'ono. Pa Nselema sindinadutsenso pamsika, ndinazungulira kuseri kwa masitolo. Tisanafike n'komwe pa mchenga paja pamene ndinaima masana, kugogoda kunamvekanso. Alamu anali ataika nkhope pa waya, pafupi ndi zenera langa.

"Zimitsani pompano, alamu."

"Kukadali kutali. Ndikhoza kukufikitsani pafupi."

"Iyayi. Mphepo ikupita kumudzi. Akaimva athawanso, ndiye amusambitsa ndani?"

Ndinazimitsa. Tinamutsitsa pa machira, ine kutsogolo, alamu kumbuyo, mayi awo akutsatira ndi kamtolo ka nsalu zimene anakonzera mwana. Unali mtunda wautali kwa anthu awiri, ndipo anali wolemera, popeza anali anthu awiri nayenso. Tinkapuma, n'kusinthana malo, n'kunyamulanso.

Tinatulukira m'mudzi dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Anthu anali atabwerera m'nyumba zawo, utsi ukukwera, azimayi akuolera matemba pa thandala. Mayi wina anatiwona tili patali. Anaona kuti tabwerera msanga, anaona apongozi atafukata kamtolo ka nsalu pachifuwa, ndipo anaganiza kuti mwana wabadwira panjira. Anaponya lichero pansi n'kuyamba kululutira. Anzake anatuluka m'nyumba n'kulandira nthungululuyo, ena akuvina, onse akuthamangira kwa ife. Manja athu tonse awiri anali pa machira, ndipo panalibe woti akweze dzanja kuwaletsa.